Chimene Ukonde Unakoka

Kuno dzuwa limatsazika mu Novembala
ndipo silitumiza ngakhale moni mpaka Januwale.
Ndimadzuka kuli bii, ndimaliza injini kuli bii,
boti limene bambo anandisiyira
n'kumang'amba madzi akuda ngati phula.

Pamwamba pa phiri pali chimpira choyera,
chachikulu kuposa tchalitchi chathu.
Akuti chimayang'ana nyenyezi.
Koma ndi ana omwe amadziwa
kuti nyenyezi sizikhala kum'mawa kokha.
Tsidya ilo nawonso anamanga chawo.
Maso awiri osaphethira, tong'o, usiku wonse,
ife pakati tikutumbula nsomba.

Lachiwiri ukonde unalemera modabwitsa.
Oddvar anaseka, akuti lero ngongole yatha.
Tinakoka mpaka misana kuchita kulira,
ndiye chinatuluka chitsulo
chotalika ngati mwendo wa munthu,
mawaya ali lende, ndere zitachikuta,
zolemba zake mchere utadya kale.
Khutu la pansi pa nyanja.
La ndani? Silinanene.
Tinaligoneka pakati pa nsomba
ndipo ulendo wonse wobwerera
palibe anatsokomola.

Padoko anatidikira anyamata atatu a yunifomu,
wina ziphuphu zisanathe kumaso.
Mwachipeza pati? Nthawi yanji? Mwauza ndani?
Kenaka wamkulu wawo, cholembera chili m'mwamba:
Muli ndi amene mumadziwana naye tsidya lija?

Ndinati ayi.

Kumbuyo kwanga, pa msomali wa pachiwongolero,
panali golovesi la Arkadi.

Zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi zapitazo
injini inandifera pakati pa namondwe,
madzi akuundana pa ndevu, mafunde akulowa ngati kwawo.
Amene anaponya chingwe sanafunse mbendera.
Chingwecho chinamusenda chikhatho,
golovesi n'kugwera m'boti mwanga,
ndipo chaka chilichonse akafika padoko pano
ndimati tenga chako, iye n'kuti ndidzatenga ulendo winawo.
Ankadya buledi wa Torunn ngati wobwera kumene ku njala,
ankamutcha mlamu, mawu atapindika.
Tinkatukwana limodzi mitengo ya mafuta
aliyense m'chinenero chake.

Tsopano foni yake ili zii.
Kapena yanga ndi imene ili zii kwa iye, sindidziwa.
Uthenga womaliza unali chithunzi:
mwana wake Timofei, atameta mpala,
akupita kukagwira ntchito m'sitima zoyenda pansi pa madzi.
Wanga, Eirin, ali pa nsanja ya kumalire,
amawerenga magalimoto a tsidya lija ndi kulemba m'buku.
Ali ana ankalimbirana nkhanu imodzi padoko lomweli.
Lero wina amamvetsera kupuma kwa mnzake
ndipo onse amalipidwa.

Kachipangizo kolozera njira nako kayamba bodza.
Dzana kanati ndili pamwamba pa phiri,
dzulo kanandiika kumanda, pafupi ndi bambo.
Akuti wina akusokoneza dala.
Awa akuloza awo, awo akuloza awa,
ine ndabwerera ku fungo la mphepo
ndi nyali ya pa thanthwe.

Pa wailesi akuti ndi zoyeserera chabe,
ndege zimene zimagwedeza makapu m'kabati,
zombo zotuwa zimene zimatseka kumene timasodza.
Amayeserera chaka chino, amayesereranso chamawa.
Munthu wonola mpeni tsiku ndi tsiku
sakhalira kusowa chocheka.

Nkhanu zokha ndizo zikudutsabe malire,
mwakachetechete, chammbali, popanda chitupa.

Usiku kumwamba kunayaka zobiriwira,
kuwala kukuvina pa mapiri onse awiri.
Ndinatuluka opanda chipewa.
Ndinaganiza kuti mwina nayenso ali panja,
nkhalamba ya dzanja limodzi lozizira.

Golovesi ndalichotsa pa msomali.
Ndaliika m'thumba la mkati, la pachifuwa,
kumene sanayambe kufufuzako.